Kusema Mthiko ndi Cipande: Magwiridwe a Mpeni Oteteza Dzanja

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, nshawa zikauma, nchito ya kumunda imapepuka, ndipo miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti imatipatsa mpata wokonza zinthu zimene zinatha m'dzinja. Pakati pa zinthuzo pali ziwiya za kukhichini: mthiko umene unapserera kunsonga, cipande cimene cinang'aluka, supuni yamtengo yotakasira ndiwo. Mlimi amene ali ndi mtengo wa gwafa kapena wa mango pakhomo safunika kugula zimenezi. Nthambi imodzi yabwino imatulutsa mithiko iwiri, ndipo wodziwa kusema amatsala ndi ina yokagulitsa.

Koma tisanakambe za mtengo, tiyambe takamba za dzanja. Manja amene asema mthiko mu Ogasiti ndi omwewo amene adzakumbe maenje obzalamo cimanga mvula isanagwe, ndi omwewo amene adzapalire mu Disembala. M'kati mwa cala ciliconse muli timitsempha tolimba ngati zingwe, timene timakoka cala kuti cipinde. Kamtsempha kotere kakaduka sikalumikizana kokha. Kamafunika kusokedwa kucipatala, ndipo ngakhale atakasoka bwino, pamapita pafupifupi miyezi itatu dzanja lisanayambenso kugwira khasu mwamphamvu. Miyezi itatu kucokera mu Ogasiti ndi Novembala. Mthiko umodzi ukhoza kumudyera munthu nyengo yonse yokonza munda.

Phunziro lonseli latsamira pa funso limodzi, limene tikufuna mudzidzifunsa musanakankhe mpeni: mtengo ukagonja mwadzidzidzi, kodi mpeni ukaima pati? Posema, mtengo umakana, inu n'kuwonjezera mphamvu, mtengo n'kukanabe, inu n'kuwonjezeranso. Kenaka ulusi wa mtengo umaduka nthawi imodzi, ndipo mphamvu yonse ija imathamangitsa mpeni. Palibe munthu, ngakhale wochera khutu ndi maso cotani, amene angaimitse dzanja pa kamphindi kameneko. Coimitsa mpeni ciyenera kukhalapo kale musanayambe kudula. Mwina kutsogolo kwa mpeni kukhale kopanda kanthu, kapena thupi lanu likhale litamanga mkono mwakuti mpeni sungayende mtunda wopitirira zala ziwiri kapena zitatu.

Ambiri tinakula ndi langizo lakuti tizisema molozetsa mpeni kutali ndi thupi. Langizoli si lolakwika, koma ndi losakwanira. Munthu akhoza kulozetsa mpeni kutali ndi mimba, koma n'kuulozetsa pa cala camkombaphala ca dzanja limene lagwira mtengo, kapena panchafu, kapena pa mwana amene wakhala pafupi kuonerera. Ndiponso, monga tione kutsogoloku, ena mwa magwiridwe otetezeka kwambiri ndi okokera mpeni kucifuwa.

Mpeni ndi mtengo wake

Mpeni woyenera nchitoyi ndi waufupi, wa citsulo cosawerama, cotalika masentimita 6 mpaka 10, wokhala ndi cigwiriro codzaza m'dzanja. Mpeni wautali wa kukhichini umavuta kuulamulira cifukwa nsonga yake ili kutali ndi dzanja. Mipeni yopinda, monga Okapi imene ambiri timayenda nayo m'thumba, imathandiza pa zambiri, koma mpeni uliwonse wopinda umene ulibe cokhomera colimba ukhoza kutsekeka n'kuluma zala zimene zaugwira. Amisiri osula zitsulo m'midzi ndi m'misika amapanga mipeni yabwino kucokera ku tupa yakutha kapena ku sipuling'i ya galimoto. Mukapita kwa mmisiri wotere, m'pempheni akusulireninso kampeni kena kokhota ngati mbedza, kogobera m'kati mwa cipande.

Mpeni wobuntha ndiwo umavulaza, popeza umafuna kukakamiza. Nolani pamwala wosalala wonyowetsa ndi madzi, mutagoneka mbali yotsetsereka ya citsulo pamwalapo, osasintha kapendekedwe kake, mpaka mutamva kamlomo kopyapyala katapindikira mbali inayo. Tembenuzani, nolaninso, kenaka kokani mpeniwo pa lamba wakale wacikopa, msana wa mpeni uli patsogolo, kuti kamlomo kaja kacoke. Kuthwa kwake yeserani pa kamtengo kapena papepala. Cala si coyesera mpeni.

Mtengo semani uli wauwisi. Mtengo wouma umafuna mphamvu zambiri, ndipo taona kale kumene mphamvu zambiri zimathera. Sankhani nthambi yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, yowongoka, yopanda mfundo. Iimikeni pacipika, ikani nkhwangwa pakati peni-peni pa mutu wake, ndipo menyani msana wa nkhwangwayo ndi cimtengo kuti nthambi ing'ambike pakati. Osagwira nthambi ndi dzanja limodzi n'kumaitema ndi linalo monga tiwazira nkhuni mothamanga. Mukang'amba, semani n'kucotsa kamtima kofewa ka pakati, cifukwa ming'alu yambiri imayambira pamenepo mtengo ukamauma. Pofuna cipande, yang'anani nthambi yokhota mwacibadwa. Ulusi wake umatsata kukhotako, ndipo cipande cotere cimalimba pakhosi kuposa cosemedwa pamtengo wowongoka.

Gwafa ndiye timamukonda kwambiri: ngwolimba, ngosalala, ndipo sapatsa cakudya fungo. Mitengo ya malalanje, mandimu ndi masau ilinso yolimba bwino. Mango amasemeka mosavuta, kungoti utomoni wa khungwa lake umayabwa ena pakhungu, conco yambani mwasenda khungwa n'kusamba m'manja. Malaina ndi wofewa ndi wopepuka, woyenera amene akuphunzira kumene. Bulugamu amang'aluka pouma, paini ali ndi utomoni wonunkha.

Palinso mitengo imene siyenera kuyandikira mphika. Nkhadze ndi mwavi tonse tikudziwa ululu wake. Maluwa a oleander, amene amabzalidwa m'mabwalo a nyumba ndi m'mbali mwa misewu ya m'tauni, ali ndi poizoni kuyambira kumasamba mpaka kumizu. Gliricidia, amene alimi ambiri kuno kum'mawa tinabzala m'minda pofuna kubwezera conde, ali ndi dzina locokera ku Cilatini lotanthauza copha mbewa, ndipo kwawo ku Central America anthu akhala akupangira mankhwala a makoswe kucokera ku mtengowu. Tiusiyire nchito yake ya m'nthaka ndi ya nkhuni. Mitengo yothiridwa mankhwala, monga mapolo a magetsi ndi a mpanda, obiriwira pang'ono kapena onunkha phula, ili ndi mankhwala ophera ciswe amene sayenera kulowa mu nsima. Mtengo uliwonse wotuluka mkaka woyera umene simukuudziwa bwino, usiyeni.

Za mlombwa, m'bawa ndi mukula, tikumbutsane kuti lamulo la Forests Act la mu 2015 limafuna cilolezo ca Dipatimenti ya Zankhalango kwa aliyense wodula mitengo yacilengedwe kuti agulitse, ndipo mukula anaikidwa mu 2019 pa mndandanda wa CITES wa mitengo imene malonda ake a kunja kwa dziko amayang'aniridwa. Kugwetsa mtengo wa zaka makumi asanu cifukwa ca mithiko n'kupanda nzeru, pamene nthambi zodulira m'munda wa zipatso zikungopita pamoto.

Pokhala

Khalani pampando wolimba kapena pacitsa, mapazi onse ali pansi, pamalo owala. Cisisira, mowa ndi kutopa sizigwirizana ndi mpeni. Tambasulani mkono n'kuuzunguza mbali zonse: m'bwalo limenelo musakhale munthu wina. Ana amakonda kusendera pang'ono-pang'ono mpaka mutu wawo utafika pabondo lanu, conco ajambulireni mzere pansi umene asaudumphe. Wina akakuitanani, yambani mwaimitsa mpeni, kenaka ceukani.

Tsopano malo amene tikufuna muwaope koposa onse. M'kati mwa nchafu iliyonse mumadutsa mtsempha waukulu wopereka magazi kumwendo wonse. Ukabooka, munthu akhoza kutha magazi m'mphindi zocepa, ngolo isanamangidwe n'komwe, njinga isanafike pamsewu. Komabe kakhalidwe kamene timakaona kawiri-kawiri pamthunzi ndi ka munthu wotang'adza miyendo, mtengo uli pakati pa nchafu, mpeni ukutsikira komweko. Malo a pakati pa mawondo ndi cinena asakhale osemerapo mpang'ono pomwe. Mwina tsamiritsani zigongono pamawondo kuti nchito yonse icitikire kutsogolo kwa mawondo, kapena semerani kumbali, kunja kwa nchafu.

Mpeni usanayambe, kasemasema kapena kankhwangwa kamacotsa zokhuthala. Jambulani maonekedwe a mthiko ndi khala, imikani mtengo pacipika, dzanja logwira likhale pamwamba ndi kuseri. Gwirani kankhwangwa pafupi ndi mutu wake, ndipo musakakweze kupitirira pamene pali zala zanu. Mukafika pakati, tembenuzani mtengo m'malo mokwera kulondola zala. Pamene mutu wa mthiko ukumana ndi cigwiriro, yambani mwaceka pang'ono ndi sowo mbali zonse ziwiri, kuti cibenthu cikamang'ambika cikaime pamenepo.

Magwiridwe ake

Tifotokoza monga kwa munthu wogwiritsa nchito dzanja lamanja. Amanzere mungotembenuza.

Pocotsa mtengo wambiri pacigwiriro, semani ndi phewa. Mtengo ukhale kunja kwa nchafu yakumanja, utaloza pansi ndi kutsogolo, dzanja lamanzere litaugwira kumtunda, kumbuyo kwa mpeni. Fumbatirani mpeni pafupi ndi citsulo, mbali yakuthwa italoza kutali nanu. Wongolani mkono, musapinde cigongono, ndipo tsitsani phewa. Mphamvu icokere kumsana ndi kuphewa. Mtengo ukagonja, mkono wowongoka ulibe kopita kwina, umangothera m'malere kumbali kwa mwendo. Mpeni upendekeke pang'ono, nsonga itatsalira m'mbuyo, kuti uzidula moceka kuyambira kucigwiriro kupita kunsonga. Mpeni wongokankhidwa cabe umakakamira, woceka umalowa.

Njira yaciwiri imadabwitsa ambiri poyamba, cifukwa mpeni suyenda konse. Tsamiritsani dzanja logwira mpeni kunja kwa bondo lakumanja, cakumunsi pang'ono, mbali yakuthwa italoza kutsogolo. Ikani mtengo pansi pa mpeni, ndipo ndi dzanja lamanzere kokerani mtengowo kumbuyo. Bondo lagwira dzanja, dzanja lagwira mpeni, cimene cikuyenda ndi mtengo wokha. Pa zigwiriro zazitali za mithiko ya pamaliro ndi paukwati, njira iyi imapulumutsa mkono ku kutopa, ndipo imatulutsa zipalapasiro zazitali zosalala.

Yacitatu ndi imene tikufuna muiphunzire mofatsa, popeza ndi yamphamvu ndiponso yotetezeka nthawi imodzi. Gwirani mpeni m'dzanja lamanja, cikhatho citayang'ana kumwamba, mbali yakuthwa italoza kunja, kumanja kwanu. Gwirani mtengo m'dzanja lamanzere, cikhatho citayang'ananso kumwamba. Bweretsani manja onse pafupi ndi cifuwa, mpeni ndi mtengo zitapingasana ngati sizasi ya telala, mikono itakanirira kunthiti. Tsopano musakankhe ndi manja. Kokerani mapewa kumbuyo n'kututumutsa cifuwa, monga acitira munthu wodziwongola atawerama nthawi yaitali. Sizasi ija imatseguka, mpeni n'kupita kumanja, mtengo kumanzere. Minofu yaikulu ya kumsana ndiyo ikugwira nchito, conco ngakhale mtsikana wa mikono yowonda amadula gwafa mosavutika. Ndipo popeza mikono yamatirira kunthiti, mpeni umangoyenda pang'ono n'kuima. Colakwika cimene timaciona kwa oyamba kumene ndi kulekanitsa zigongono ndi nthiti. Zikatero, coimitsa cija capita, ndipo mpeni umakaima pa amene wakhala kumanja kwanu.

Pa nchito yaing'ono, monga kuzunguliza m'mphepete mwa mutu wa mthiko, kankhani ndi cala cacikulu. Dzanja lamanzere ligwire mtengo, zala zonse zili kumbuyo kwa mbali yakuthwa, ndipo cala cake cacikulu cikhale pamsana pa mpeni. Cala cimeneco ndico cikankhe, dzanja lamanja lingowongolera. Mpeni sungapitirire pamene cala cathera. Masiku oyamba pacalapo pamatuluka thuza, conco kulungani kansalu mpaka khungu litazolowera.

Tafika pa kukokera mpeni kucifuwa, kumene ambiri anatiletsa tili ana. Anatiletsa ndi cifukwa cabwino, pakuti kucita zimenezi mwacisawawa n'kudzibaya. Koma kucita mwadongosolo ndi njira yabwino koposa yowongolera cigwiriro. Valani cigamba cacikopa kapena ca chubu cakale ca galimoto pacifuwa. Tsamiritsani mbali imodzi ya mtengo pafupa la pakati pa cifuwa, mbali inayo muigwire ndi nsonga za zala zakumanzere, kutali. Mpeni uyambire kumunsi kwa zalazo, cakuno kwa inu, osati kuseri kwake. Gwirani mpeni mbali yakuthwa italoza kwa inu, koma nsonga yake italoza kumwamba ndi kutali nanu. Cigongono cakumanja cimatirire kunthiti. Pamene mukoka, mkono umatsetsereka m'nthitimo, ndipo cimene cimayamba kugunda cifuwa ndi nkhonya yanu ndi cigwiriro, citsulo cikali kutali. Yesani kaye opanda mtengo, mpeni uli m'cimake, muone nokha pamene dzanja liima. Ngati nsonga ikukhudza malaya, ndiye kuti mwaiweramitsira kwa inu kapena cigongono catalikira nthiti. Njira iyi ndi ya zipalapasiro zopyapyala. Mukaona kuti mukufunika kukoka mwamphamvu, mwaluma mtengo wambiri, bwererani ku njira zitatu zoyamba zija.

Yotsiriza amayi amaidziwa kale, pakuti ndi mmene amasendera mbatata ndi cinangwa: mpeni uli m'zala zinayi, cala cacikulu citatsamira kumapeto kwa cinthu, dzanja n'kumafumbata. Kusiyana kwake n'kwakuti mbatata ndi yofewa, mpeni umafika pacala mofatsa, pamene mtengo umaumasula ndi liwiro. Conco cala cacikulu cibisale kumunsi kwa njira ya mpeni, ndipo mphamvu ikhale ya kufumbata kwa zala zokha, mkono usathandizeko. Ndi njira yabwino yosalazira kumapeto kwa cigwiriro.

Kumvera ulusi wa mtengo

Magwiridwe onsewa sathandiza ngati mukulimbana ndi ulusi wa mtengo. Mtengo uli ngati mtolo wa udzu wofolera wogwirana zolimba, kapena ngati nzimbe: ulusi wake wonse wagona motsata utali wake. Mukamasongola cikhomo, mumayamba pokhuthala kupita kunsonga, ndipo mpeni umayenda bwino. Mutayesa kucokera kunsonga kukwera pokhuthala, mpeni umalowa pansi pa ulusi n'kuyamba kung'amba. Lamulo lake ndi lomwelo paliponse: semani motsika, kucokera pokwera kupita potsika.

Pakhosi pa mthiko kapena pa cipande ndi pamene lamuloli limayesa munthu. Khosi lili ngati cigwa pakati pa mapiri awiri, mutu mbali ina, cigwiriro mbali ina. Mukatsika kucokera kumutu n'kupitirira pakati pa cigwa, mwayamba kukwera phiri linalo, ndipo mpeni umakakamira. Apa ndi pamene munthu amakwiya n'kukankha mwamphamvu, ndipo apa ndi pamene ngozi zambiri zimacitikira. Tsikani kucokera kumutu n'kuima pakati, tembenuzani mtengo, tsikani kucokera kucigwiriro n'kukumana pakati pomwepo. Kotsala kang'ono mukacotse ndi nsonga ya mpeni mopepuka. Khutu nalo limathandiza. Mpeni woyenda ndi ulusi umalira mosalala, wolimbana nawo umathetheka.

Khosi la mthiko musalionjole pofuna kukongoletsa. Nsima ikalimba, wovundula amatsamiritsa mthiko pamlomo wa mphika n'kukanikiza, ndipo mphamvu yonse imagwera pakhosi. Likhale lopyapyala m'mbali ngati mufuna, koma lokhuthala kucokera kutsogolo kupita kumbuyo. Mthiko wa mphika wa banja ukhale wa masentimita 45 mpaka 60, mutu wake wophwatalala, m'mphepete mozungulira kuti uzifika m'ngodya za poto. Ngati muli ndi mthiko wakale umene mayi wa pakhomo amaukonda, yezerani pamenepo, cifukwa iye ndiye adziwa cimene dzanja lake limafuna.

Kugoba cipande kuli ndi ngozi yakeyake, cifukwa mutu wa cipande umakhala m'cikhatho. Ndi kampeni kokhota kaja, yambani pakati ndi timabenthu tating'ono, mukudula mopingasa ulusi, n'kumakuza dzenjelo pang'ono-pang'ono. Cala cacikulu ca dzanja logwira mpeni citsamire kuseri kwa cipande, kumunsi kwa mlomo wake, ndipo cikhatho cakumanzere cisaonekere pamwamba pa mlomowo. Amene mugoba ndi kasemasema, citani zimenezi mtengo ukali wautali, mutaupanikiza m'mphako ya cipika, osati mutauponda ndi phazi lopanda nsapato. Makolo ena ankaika khala lamoto n'kumapala popsapo. Njirayi imagwira, koma kutentha kumang'alula mtengo wauwisi. Cipande sicifuna dzenje lakuya. Cikhale cotambalala ndi cosalala kwambiri, kuti mukaciviika m'madzi mtanda wa nsima uzitsetsereka wokha. Pimani kukhuthala kwake potsina ndi zala ziwiri: kukhale kofanana ponseponse, pafupifupi theka la sentimita, kokhuthalirapo cakukhosi.

Mpeni ukakulumani

Ngakhale wosamala amacekeka nthawi zina, conco nsalu yoyera ndi madzi abwino zikhale pafupi musanayambe. Kanikizani pacilonda ndi nsaluyo mwamphamvu kwa mphindi khumi osasuzumira, dzanja mutalikweza pamwamba pa cifuwa. Magazi akaleka, tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, n'kumanga. Musathirepo dothi, phulusa, fodya, ndowe, palafini kapena mafuta a mabuleki. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'nthaka ndi m'ndowe za ziweto, ndipo ife alimi manja athu sacoka m'zimenezi. Ngati papita zaka zambiri cilandirireni katemera wa kafumbata, kapena simukumbuka, pitani kukiliniki ngakhale cilonda cioneke cacing'ono. Pitani tsiku lomwelo ngati magazi sakuleka, ngati cilonda cayasama, ngati cala cacita dzanzi, kapena ngati cikukanika kupinda ndi kuwongoka. Kamtsempha koduka kamasokeka bwino masiku oyambirira, kakacedwa kamafupika n'kuthawira m'kati. Magazi otumphuka panchafu kapena pamkono, kanikizani ndi mphamvu zanu zonse ndipo musaleke mpaka mutafika kucipatala.

Kuumitsa ndi kumaliza

Ciwiya cosemedwa cauwisi musacimalize tsiku lomwelo. Cisiyeni cokhuthalirapo pang'ono, ciikeni m'thumba pamodzi ndi zipalapasiro zake, pamthunzi, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Dzuwa ndi moto zimaumitsa kunja m'kati mukali madzi, ndipo mtengo umang'aluka. Cikauma cimapepuka ndipo sicizizira mukacigunditsa patsaya. Pamenepo nolaninso mpeni n'kudutsamo komaliza ndi timadulidwe topyapyala. Mtengo wouma umasiya nkhope yonyezimira imene wauwisi sungapereke.

Sandipepa abwere mpeni utatha nchito, cifukwa mcenga wake umatsalira mumtengo n'kubunthitsa citsulo. Kumene sandipepa kulibe, masamba okakala a mitengo ina ya mtundu wa mkuyu amagwira nchito yomweyo. Galasi losweka limene ena amapalira ife sitilivomereza, popeza limabenthuka m'manja ndipo tizidutswa timagwera pamene ana amayenda. Mukakwecha, nyowetsani ciwiyaco, ciume, kwechaninso, kuti ulusi umene ukanadzuka tsiku loyamba mumphika udzukiretu. Pomaliza tikitani ndi nsangalabwi kapena ndi msana wa supuni yacitsulo.

Mthiko sufuna mafuta, nsima yokha imaukhwimitsa. Cipande ndi masupuni ogulitsa mukhoza kuzipaka phula la njuci losungunula, limene alimi a njuci ali nalo kale. Vanishi, polishi wa nsapato ndi oilo wa injini zimakongoletsa pamsika, koma zimathera m'mimba mwa wogula. Mafuta ophikira nawo akacuruka amanata n'kuyamba kununkha pakapita nthawi.

Pamsika wa Kapata ku Chipata kapena m'mbali mwa msewu wa Great East, mayi wogula mthiko sayang'ana zokongoletsa. Amauyendetsa m'cikhatho kufuna zobaya, amausuzumira ngati wawongoka, amaukanikiza pakhosi. Poika mtengo wogulitsira, werengerani nthawi imene mwasema ndi ulendo wa kumsika, osati nthambi yokha imene munaipeza ulere.

Nchito ya sabata ino si mthiko ayi. Dulani timitengo ta malaina tonenepa ngati cala cacikulu, totalika masentimita 30, ndipo musongole zikhomo zomangira cingwe ca mizere kudimba, zikhomo zisanu pa kagwiridwe kalikonse. Khalani awiri-awiri motalikirana, wina akusema, wina akuyang'ana zigongono, zala ndi nchafu za mnzake, ndipo akaona mpeni waloza mnofu anene mnzakeyo asanakankhe. Amene munamaliza maphunziro muli kumidzi, citani cimodzimodzi ndi acinyamata a pakhomo panu, ndipo kukokera kucifuwa kukhale komalizira kuwaphunzitsa, zikhomo za magwiridwe enawo zitayamba kutuluka zowongoka.